Corolla yanga ikatentha imakana kulira: ndigule pampu ya petulo kapena kompyuta?

Funso

Ndili ndi Toyota Corolla AE110 ya 1996, injini 5A-FE, ya otomatiki. M'mawa imalira kamodzi kokha popanda vuto. Koma ikatentha, ndikaima pa maloboti imanjenjemera, nthawi zina kuzima kumene. Choipitsitsa n'chakuti ndikaizimitsa kwa mphindi khumi, mwina pogula zinthu m'golosale, pobwera sitata imazungulira bwinobwino koma injini osalira, mpaka nditadikira theka la ola. Ndasintha kale mapulagi, fyuluta ya petulo ndi batire. Makaniko wina akuti ndigule pampu, wina akuti kompyuta yafa. Ndimvere uti?

Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre

Yankho

Bambo, ndalamazo zisungeni kaye m'thumba. Musagule pampu, musagulenso kompyuta, mpaka wina ataiyeza galimotoyo pa nthawi yomwe ikukana kulirayo. Afunseni amakaniko awiriwo kuti anaiona ili bwanji. Ndikhulupirira munapita nayo m'mawa, kapena inakhala pa galaja mpaka kuzizira, iwo n'kutembenuza kiyi, iyo n'kulira ngati yatsopano. Vuto lobwera ndi kutentha limabisala injini ikazizira, ndipo chilichonse chomwe mungayeze pa nthawi imeneyo chimaoneka chabwino. Theka la ola lomwe limakusowetsani mtendere lija ndi nthawi yokhayo imene galimoto yanu ikunena zoona, choncho ntchito yonse ndi kuigwira mkati mwa nthawi imeneyo.

Dziwaninso kuti pa galimoto ya zaka pafupifupi 30, kunjenjemera pa idling (injini ikulira phazi lisali pa moto) ndi kukana kulira ikatentha zikhoza kukhala matenda awiri osiyana. Mukakonza amodzi, musadabwe ena atatsala.

Yambani ndi chinthu chaulere. Kompyuta ya galimoto imeneyi imasunga zomwe yaona, ndipo simufunika makina odula kuti muwerenge. Tsegulani boneti, funani kabokosi kakang'ono kolembedwa DIAGNOSIS. Kunsi kwa chivundikiro chake kuli kachithunzi kosonyeza dzina la bowo lililonse. Girizi amene mumupeze mmenemo musamupukute, anamuika dala kuti ateteze ku dzimbiri. Tengani kawaya kafupi, lumikizani TE1 ndi E1, kenako ikani kiyi pa ON osaliza injini, phazi lisali pa moto. Nyali ya check engine iyamba kuphethira. Ikamaphethira mofulumira mosadukiza, palibe chomwe yasunga. Ikaphethira kawiri, n'kupuma, n'kuphethiranso kawiri, imeneyo ndi 22, kutanthauza sensa ya kutentha kwa madzi. Kamodzi kenako kawiri ndi 12, uthenga wa kuzungulira kwa injini wochokera mu distributor, chipangizo chogawa moto ku mapulagi. 14 ndi ya moto wa ku mapulagi, 31 ndi sensa ya vacuum, 41 ndi sensa ya pa throttle, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini. Koma kumbukirani kuti pomwe munasintha batire munafufuta zonse zakale, ndiye muwerenge galimotoyo itakana kulira kamodzi kapena kawiri kuchokera tsiku limenelo. Ndipo ngati simupeza nambala iliyonse, sindiye kuti zonse zili bwino. Makompyuta a zaka zimenezo amangoona waya woduka kapena wogundana. Chipangizo chongotopa sachizindikira.

Tsopano tsiku loigwira. Konzekerani pulagi imodzi yabwino, ngakhale mwa zakale zomwe munachotsa zija, sipanala ya mapulagi, kawaya kaja, ndi mnzanu woti azitembenuza kiyi. Yendani nayo mpaka itenthe monga imachitira, makamaka masana, kenako ikaimikeni pakhomo kapena pa galaja pomwe simutsekereza anthu njira. Zimitsani, tsekani boneti, dikirani mphindi khumi zija. Ikakana kulira, musataye nthawi.

Funso loyamba ndi la moto. Zulani waya wa pulagi imodzi, lowetsanimo pulagi yomwe mwatenga ija, igonekeni kuti chitsulo chake chikhudze chitsulo cha injini, kutali ndi mapaipi a petulo. Musaigwire ndi dzanja. Mnzanu atembenuze kiyi. Moto wabwino ndi wa buluu, umathetheka mosadumphitsa, ndipo mumaumva kuti tha, tha, tha. Wachikasu wofooka, wobwera mwa apo ndi apo, kapena kusoweka kumene, ndiye kuti mwayandikira pomwe pali vuto. Chenjezo limodzi lomwe ambiri salilabadira: musazungulitse injini waya wa pulagi uli lende osakhudza chitsulo chilichonse. Magetsiwo akasowa kolowera amaboola coil, yomwe imapanga magetsi amphamvu opita ku mapulagi, ndipo mukhoza kuononga chinthu chomwe chinali chabwino.

Ngati moto palibe, maso onse pa distributor. Pa 5A-FE coil sinakhale panja monga pa magalimoto akalekale, ili mkati mwa distributor momwemo, pamodzi ndi timakoyilo tomwe timauza kompyuta kuti injini ikuzungulira. Distributor yamangidwa pa mutu wa injini, choncho kutentha konse kwa injini kumathera mmenemo. Chomwe anthu ambiri sadziwa n'chakuti pansi pa boneti pamatentha kwambiri mukangozimitsa kuposa pomwe mukuyenda, chifukwa madzi asiya kuzungulira, mphepo yasiya kulowa, fani yaima. Kawaya kopyapyala ka mkati mwa coil kakakhala ndi mng'alu, kakatentha kamatanuka n'kulekana, kakazizira kamagwirananso. Igniter, kachipangizo kamene kamayatsa ndi kuzimitsa coil, nayonso ikatopa imachita chimodzimodzi. Mphindi makumi atatu mukudikira zija zikhoza kukhala nthawi yomwe zimenezi zimatenga kuti zizizire.

Masulani chivundikiro cha distributor muyang'ane. Mukapeza oyilo mkati, ndiye kuti seal ya pa shafiti yatha, ndipo zimenezi n'zofala kwambiri pa injini zimenezi. Chotsani rotor ndi kapulasitiki kophimba coil, muiunike bwino ndi tochi: mng'alu wopyapyala, kapena kamzere kotuwa ngati phulusa m'mbali mwake, ndi chizindikiro chakuti moto wakhala ukudumphira pa chitsulo m'malo mopita ku mapulagi. Onaninso kamakala ka pakati pa chivundikiro ngati sikanathe. Mawaya a mapulagi ayezeni ndi multimeter. Toyota imati uliwonse usapose ma ohm 25,000. Njira ina yosavuta ndi kukuta thupi la distributor ndi kansalu konyowa, chivundikiro chili chotseka, madzi asalowe mkati. Ikalira patangopita mphindi zitatu kapena zinayi m'malo mwa theka la ola, mwapeza komwe kuli matenda.

Apa pali msampha womwe wagwetsa amakaniko ambiri, ndipo mwina ndi umene wabweretsa nkhani ya pampuyi. Pa ma Toyota amenewa, igniter imatumiza uthenga ku kompyuta wotsimikiza kuti moto waperekedwa. Uthengawo ukasowa, kompyuta imaleka kutsegula ma injector, tizipangizo tofayira petulo mu injini, kuti petulo asadzaze injini. Makaniko akamasula pulagi n'kuipeza youma, amati petulo sakufika, pampu yafa. Chikhalirecho petulo watsekedwa dala chifukwa moto kulibe. Msampha wachiwiri ndi wa kumvetsera: pa magalimoto ena mukaika kiyi pa ON mumamva pampu ikulira kumbuyo kwa masekondi angapo. Ma Corolla a zaka zimenezi satero. Pampu imayamba pokhapokha sitata ikuzungulira kapena injini ikulira. Kusamva kulira kwake pa ON si umboni wa chilichonse. Mukafuna kuimva, bwererani ku kabokosi kaja, lumikizani +B ndi FP, ikani kiyi pa ON, mukatchere khutu pa mpando wakumbuyo.

Tiyerekeze kuti moto ulipo, wabwinobwino. Ndiye kuti nkhani ndi ya petulo, ndipo pali njira ziwiri zosemphana: wachuluka kapena wachepa. Pondani moto mpaka pansi, osapopa, muugwire pomwepo n'kutembenuza kiyi. Ikalira movutikira, ikutsokomola, kumbuyo kukutuluka utsi wakuda ndi fungo la petulo, ndiye kuti inamwa mopitirira muyezo. Masulani pulagi imodzi kuti mutsimikize: yonyowa, yakuda ndi mwaye.

Woyamba kumukayikira apa ndi sensa ya kutentha kwa madzi, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa ndi kachinthu kotsika mtengo komwe kachititsa anthu kugula zinthu zodula kwambiri. Injini yozizira imafuna petulo wambiri kuti ilire, yotentha imafuna wochepa. Kompyuta ilibe njira ina yodziwira kusiyana kwake koma kudzera mwa sensa imeneyi. Musaisokoneze ndi inzake ya waya umodzi yomwe imayendetsa muvi wa pa dashibodi. Ya kompyuta ili ndi mawaya awiri, ndipo kawirikawiri soketi yake ndi yobiriwira. N'chifukwa chake muvi ukhoza kumaloza pakati bwinobwino pomwe kompyuta ikuuzidwa kuti injini ndi yozizira. Zikatero m'mawa imalira kamodzi, chifukwa bodzalo likugwirizana ndi zoona. Masana imathiridwa petulo wa m'mawa pa injini yotentha, mapulagi n'kunyowa. Pa maloboti idling imalemera, kunjenjemera, kuzima. Mudikira theka la ola, petulo wauma, injini yazizirako, yalira. Mukuona kuti kachinthu kamodzi kameneka kakhoza kufotokoza madandaulo anu onse atatu.

Kuiyeza n'kosavuta. Zulani soketi, ikani multimeter pa timiyendo take tiwiri. M'mawa, madzi ali pafupifupi madigiri 20, muyenera kupeza ma ohm pakati pa 2,000 ndi 3,000. Injini itatentha bwino, cha m'ma 80, atsike kufika pakati pa 200 ndi 400. Mukapeza 1,500 pa injini yotentha, sensa yatha, ngakhale nambala 22 isanaoneke. Yang'ananinso mkati mwa soketiyo. Dzimbiri lobiriwira pa timapini limaonjezera ma ohm, ndipo kwa kompyuta ma ohm ambiri ndi kuzizira. Nthawi zina kungotsuka soketi ndi kufinya timapini kuti tigwire zolimba kumathetsa nkhani yonse.

Pomwepa ndikufunseni: thermostat, kavalavu kotsegulira madzi kupita ku ledieta injini ikatentha, ilimo? Kuno kwathu chizolowezi chochotsa thermostat chinazika mizu, ati dziko lathu ndi lotentha, siifunika. Ine ndimatsutsana nacho kwambiri, makamaka pa injini ya EFI, yomwe petulo wake amathiridwa ndi ma injector motsogozedwa ndi kompyuta. Thermostat ya injini imeneyi imayamba kutseguka cha pa madigiri 82, ndipo kompyuta inakonzedwa kuti izigwira ntchito pa kutentha kumeneko. Mukaichotsa, pa msewu wautali injini imakhala yozizira, imamwa petulo wambiri tsiku lonse, mwaye umadzaza mapulagi ndi throttle, kenako mukalowa mumzere wa magalimoto pa Ginnery Corner kutentha kumakwera mwadzidzidzi. Galimoto ikamawiritsa madzi, vuto limakhala ledieta yotsekeka, fani yosazungulira kapena chivundikiro cha ledieta chotha, osati kukhalapo kwa thermostat. Ngati inachotsedwa, bwezeretsani.

Sensa ikakhala bwino koma mapulagi akunyowabe, ndiye kuti petulo akudontha injini itazima. Injector yotopa simatseka kwathunthu, imadonthezera mkati pang'onopang'ono. Chizindikiro chake ndi nthawi: mukazimitsa n'kuliza pompopompo imalira, koma mukadikira mphindi khumi kapena makumi awiri imakana. Yesani zimenezo, sizilira ndalama. Pa injini zambiri za mtunduwu, kumapeto kwa paipi yachitsulo yodyetsa ma injector kuli regulator yokhala ndi kapaipi kakang'ono ka vacuum. Zulani kapaipiko mununkhize. Kayenera kukhala kouma. Mukapezamo petulo, regulator yabooka mkati ndipo injini ikuyamwa petulo kudzera njira yosayenera.

Nanga pulagi ikatuluka youma pomwe moto ulipo? Apa ndi pomwe makaniko wa pampu uja angakhale ndi mfundo, komabe aonetse umboni. Mkati mwa pampu muli kavalavu koletsa petulo kubwerera mu thanki mukazimitsa. Kakatha, mphamvu ya petulo m'mapaipi imagwa, ndipo petulo wotsala pamwamba pa injini yotentha amawira n'kusanduka nthunzi. Mukatembenuza kiyi ma injector amatulutsa mpweya m'malo mwa petulo. Petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo wosakaniza chonchi sachedwa kuchita nthunzi, ndiye miyezi ya Okutobala ndi Novembala vuto lotere limaonekera msanga, makamaka kwa oyenda kuchigwa cha Shire. Kuyesa kwake: ikakana, lumikizani +B ndi FP, kiyi pa ON, pampu ilire masekondi khumi, chotsani kawaya, lizani. Ikalira nthawi yomweyo, mphamvu ya petulo ikuthawa mukazimitsa.

Umboni weniweni ndi geji yoyezera mphamvu ya petulo m'mapaipi. Galaja iliyonse yomwe ikufuna kukugulitsani pampu iyenera kukhala nayo. Pampu ikulira ndi kawaya kaja, muvi ufike pakati pa 2.7 ndi 3.1 kgf/cm². Mukazimitsa, patapita mphindi zisanu usatsike pansi pa 1.5. Geji imeneyo aisiye pomwepo mpaka injini itenthe, chifukwa pampu yotopa imayamba bwino m'mawa n'kumafooka ikamatentha. Pomangirira geji pamatuluka petulo, ndiye achite injini itazizira, pasakhale wosuta fodya pafupi, chozimira moto chili pambali. Ngati pampu ikulephera kulira n'komwe, asanatsegule thanki ayeze magetsi ofika pa soketi yake, chifukwa relay yotopa kapena waya wa earth wadzimbiri amazimitsa pampu yabwinobwino.

Mufunsenso mtima wanu za petulo amene mwakhala mukuthira. Nthawi za kusowa kwa mafuta ambiri tinagulako wa m'zigubu, ndipo tinayenda masiku ambiri nyali ya thanki ili chiyakire. Pampu imakhala mkati mwa thanki ndipo petulo yemweyo ndi amene amaiziziritsa. Kuyenda ndi malita atatu tsiku ndi tsiku kumaifupikitsira moyo, ndipo zinyalala za m'zigubu zimatseka kasefa ka kunsi kwake, komwe kusintha fyuluta ya ku injini sikufikako.

Tibwere ku kunjenjemera kwa pa maloboti, ngati kungatsale mutakonza zinazo. Phazi likachoka pa moto, throttle imatsekeka, ndipo mpweya wa idling umadutsa pa kavalavu kotchedwa ISC, kunsi kwa throttle body. Kompyuta imakatsegula pang'ono mukaika giya pa D, mukayatsa eyakoni kapena mukapinda chiwongolero, kuti injini isagwe. Ndi fumbi la misewu yathu ndi nthunzi ya oyilo, kavalavuka kamamatidwa ndi phula lakuda n'kumachedwa kusuntha. Pa galimoto ya otomatiki ngati yanu zimaonekera kwambiri, chifukwa giya ikakhala pa D injini imakhala ikukoka kale. Yesani kuika pa N mukaima: kunjenjemera kukachepa kwambiri n'kusiya kuzima, kakayikireni kavalavuka. Achotse throttle body yonse, amasule ISC, atsuke ndi carb cleaner mpaka kachitseko ka mkati kazitembenuka ndi chala mosavuta, aike gasket yatsopano. Mumadutsa timapaipi ta madzi mmenemo, choncho ntchitoyi ndi ya injini yozizira. Itatentha, giya ili pa N, idling ikhale cha m'ma 700.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musalole munthu kukhudza kasikuluwu koimitsa throttle pofuna kukweza idling. Ndi njira yachidule yomwe imaoneka ngati yathandiza tsiku loyamba. Koma sensa ya pa throttle ili ndi kaswitchi komwe kamauza kompyuta kuti phazi lachoka pa moto. Mukakankha sikuluwu ija, kaswitchiko sikatsekanso, kompyuta siidziwanso kuti ili pa idling, ndipo imasiya kuiwongolera. Ngati wina anaikhudza kale, utoto wa pa sikuluwuyo umaoneka wosweka, ndipo pafunika kuibwezera ndi kutchera sensayo mwatsopano. Chimodzimodzi kupotoza distributor ndi khutu. Taimingi ya injini imeneyi ndi madigiri 10, ndipo imatcheredwa ndi timing light, TE1 ndi E1 zili zolumikizidwa. Popanda kawayako kompyuta imakhala ikusuntha taimingi yokha, ndipo zomwe mukutchera sizikhala zoona.

Timapaipi ta vacuum tiyang'aneni tonse, makamaka kopita ku sensa ya vacuum. Injini imeneyi imayeza mpweya kudzera pa kapaipi kameneko. Kakang'ambika, kompyuta imaganiza kuti mwaponda moto ndipo imathira petulo wambiri. Kubooka kwa malo ena pa injini yotere nthawi zambiri kumakweza idling kapena kuichititsa kukwera ndi kutsika, osati kuizimitsa.

Zonsezi zikapezeka bwino, ayeze compression, mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda, injini ili yotentha. Silinda iliyonse isatsike pansi pa 10 kgf/cm², ndipo zisasiyane kuposa 1. Ma valve a injini imeneyi amatcheredwa mpata ndi tizitsulo topyapyala totchedwa ma shim, ndipo ochepa ndi amene anawayezetsapo chigulireni galimoto. Mpata ukatha, valve ikatentha siitseka bwino, ndipo injini imanjenjemera ikatentha pokha.

Kompyuta ndaisiya kumapeto dala. Zimachitika ndithu kuti ma capacitor a m'makompyuta a zaka za m'ma 1990 amatuluka madzi n'kudya bolodi, ndipo mukaitsegula mumaona banga pansi pake. Koma mwa zonse ndatchulazi ndi imene siifa kawirikawiri, ndipo amene akuti yafa abwereke ina ya nambala yofanana, aiike, muyende nayo mpaka itenthe, muone ngati vuto latha musanalipire kanthu.

Malinga ndi momwe mwafotokozera, ine ndikanayamba ndi moto, kenako sensa ya madzi, ndipo throttle body ndikanaitsuka mulimonsemo. Zikakufikitsani pogula distributor, yakale yochotsedwa pa galimoto ina ya ku Japan nthawi zambiri imaposa yatsopano yotsika mtengo yopanda dzina, koma nayonso ndi ya zaka zomwezo. Kaya mukagula ku Ndirande kaya ku Limbe, onani kuti nambala ya pa thupi lake ndi masoketi zikufanana ndi yanu, muikemo O-ring yatsopano, ndipo mugwirizane ndi wogulitsayo kuti mubweza ngati ikana kulira itatentha. Mukaimanga, yendani nayo masana, muizimitse mphindi khumi boneti ili yotseka, mulize. Muchite zimenezo katatu tsiku lobwezera lisanadutse.